Mchere Umene Ndinathira mu Filimu ya ku Japani

Boma litanditumiza kukaphunzitsa Chingerezi ku Chintheche, ndinalira. Ine wa ku Ntcheu, wozolowera mphepo ndi mbatata ya kachewere, akanditaye kumalo kumene thukuta limatsika munthu uli chikhalire? Nyumba za aphunzitsi pasukulupo zinali zodzaza, choncho ndinapeza kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, kumtunda pang'ono kwa msewu wa tala. Aliyense ankawaitana kuti ama, ndiye kuti mayi m'Chitonga, nane ndinatengera pomwepo. Iwo ankanditchula asambizi, kutanthauza aphunzitsi, ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo.

Ama ankalima chinangwa ndi kugulitsa usipa wouma pamsika. Ukhondo wawo unali wotopetsa. Kwathu timawaseka Atonga kuti amasita ngakhale nsalu yopita nayo kumunda, ndipo ine ndinkayesa nthabwala chabe mpaka nditaona ndi maso anga. Bulauzi yoyera ya gulu la amayi a kutchalitchi ankaipachika payokha, yokutidwa ndi pulasitiki. Chichewa chawo chinali cha pamsika ndi cha pawailesi, chopindika mwa Chitonga, koma tinkamvana. Changa Chitonga chinathera pa moni.

Anali ndi ana atatu. Aamuna awiri anali ku Joni, monga anyamata ambiri a kumeneko. Wamkazi anapita ku Mzuzu kukaphunzira zokonza tsitsi, kenako anatulukira ku Lilongwe ali woimba. Nyimbo zake ndinkazidziwa kale ndisanabwere, zinkalira m'minibasi ndi m'maukwati, koma sindinkadziwa kuti mwini wake anaphunzira kuyenda pabwalo limene ndinkayanikapo zovala zanga. Ama sankamutchula kawirikawiri. Ankangoti anasintha nambala, ndipo ntchito yake ndi yotangwanitsa.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, mphunzitsi mnzanga wa masamu anandipatsa foni yake kuti ndione kanthu. Anali mtsikana woimba uja, mwana wa ama, pa kanema, atakhala pampando wofewa, akufunsidwa za moyo wake. Analira mokongola, osawononga zopakapaka za m'maso. Anati makolo ake onse anamwalira iye ali wamng'ono, analeredwa ndi anthu ongomumvera chisoni, ndipo masiku ambiri ankagona ndi njala. Ndinagwira pakamwa, poti mayi akewo ndinali nditawasiya m'mawa womwewo akuyanika chinangwa pathandala.

Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa, kuyambira ku Bandawe mpaka ku Kande. Anthu a kunyanja nthabwala sawapempha. Pamsika anzawo ogulitsa nsomba anayamba kuwalandira kuti, "Malemu afika, apatseni malo." Ama ankaseka nawo, mwina kuposa eni akewo. Koma akabwera kunyumba ankakoleza makala m'simbi, n'kuyamba kusita zovala zimene anasita kale dzulo lake. Ine ndinkaona zonsezi ndili pazenera, mtima ukuwira.

Ndiulule pano kuti ndili ndi mtima wapachala, ndipo pankhani ya kukana abale ndili ndi bala langa. Bambo anga anatisiya ku Ntcheu n'kukakwatira ku Blantyre. Nditakhoza mayeso a fomu folo ndinakwera basi kukawaonetsa pepala, ndipo pamaso pa alendo awo ananditchula kuti mwana wa achibale ena a kumudzi. Ndinamwa fanta wawo n'kubwerera. Sindinaiwale, ndipo sindinayeserepo n'komwe kuiwala.

Mphunzitsi wa masamu yemwe uja ndi amene anandiikira pa fulashi filimu ya ku Japani, ya zigawo zambirimbiri, yokhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa pansi. Ndinkaionera pa laputopu Lamlungu masana nditakhala pakhonde la ama, chifukwa m'kanyumba kanga malata ankawotcha moti sungakhalemo. Tsiku lina ama akudutsa ndi beseni la chinangwa choti asende, anaima kumbuyo kwanga.

"Akulira chiyani uyu?"

Ndinawafotokozera. Munali bambo wina wosoka nsapato m'katauni kakang'ono, wa ana aakazi awiri. Wamkulu anatchuka pa kanema, nayamba kuuza atolankhani kuti ndi mwana wa anthu olemera amene anafera kunja. Bamboyo atapita kukamuona, alonda anamubweza pachipata, ndipo sanakhalitse, anamwalira. Tsopano wamng'ono analowa ntchito ku nyuzipepala ya miseche, akusonkhanitsa zithunzi ndi makalata akale kuti adzamuyalutse mkulu wakeyo.

Ndisanamalize kufotokoza ndinali nditazindikira chimene ndikuwauza. Munthu wanzeru akanatseka laputopu n'kufunsa za mtengo wa usipa. Ine ndinasuntha pamkeka kuti apeze pokhala. Ama anatsitsa beseni, natenga mpeni, ndipo kuyambira tsiku limenelo Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pakhonde paja panali pa vidiyo sho.

Poyamba zinali zoseketsa. Anawakonda anthu a ku Japani chifukwa chovula nsapato pakhomo. "Awa ndi anthu, asambizi, osati ana asukulu anu." Ataona akudya nsomba yaiwisi anaika mpeni pansi, nafunsa ngati dziko lonselo lilibe nkhuni. Ankadabwa kuti nyumba zokongola chonchija anthu n'kumakhala pansi. Magetsi akakhala kuti anazima kuyambira m'mawa, batire inkatha pakatikati pa mkangano, ama n'kudzuma ngati ndazimitsa dala.

Vuto linali lakuti anthu a mu filimuyo sayankhula. Munthu amatha kuyang'ana kapu ya tiyi mpaka iwe kuyasamula, kenako n'kutulutsa mawu awiri. Ama ankandigwedeza bondo n'kufunsa mwa Chitonga kuti wanena chiyani, "Wati uli? Wati uli?" Ndipo ife tonse tinakulira m'mavidiyo sho, mmene womasulira amaika zake m'kamwa mwa Mtchaina, womenya karate n'kumatukwana ngati kondakitala wa ku Limbe. Kwathu kuno kumasulira filimu mouma ndi umbombo. Umathira mchere, umathira tsabola, ndipo palibe amene amautcha bodza. Nane ndinayamba kuthira.

Pansi pakalembedwa kuti wamng'ono uja wangoti wamva, ine ndinkati, "Wati mwana wokana bambo ake, ngakhale avale golide, ndi galu." Wotchuka uja akangoti watopa, ine ndinkati, "Wati anthu osauka amanunkha, asamuyandikire." Ndinkamva kukoma pochita zimenezi, ndisaname. Mawu onse amene ndinalephera kunena m'nyumba ya ku Blantyre ija ndinawapezera pakamwa potulukira. Ama ankangosenda chinangwa, makoko akuunjikana pambali, maso ali pa laputopu.

Kenako tinafika pa chigawo chimene nyuzipepala inatulutsa chithunzi choyamba. Wotchuka uja anaitanitsa atolankhani, atavala zakuda, naima kutsogolo kwa makamera osawerengeka. Anawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda tebulo, nakhala chiweramire nthawi yaitali, magetsi a makamera akuphethira pamutu pake. Ama anasiya kusenda.

"Bwezani."

Ndinabweza. Anaonanso, nati ndibwezenso.

"Dziko lonse likuona?"

"Lonse, ama."

"Wati uli?"

Mawu a pansi ankangoti akupepesa chifukwa chosokoneza anthu omutsatira ndi makampani amene amamulemba ntchito. Za bambo ake sanatchule ngakhale pang'ono. Ine ndinati, "Wati: bambo anga, ndinakukanani muli moyo. Ndagwada, ndikhululukireni." Ama anapukuta mpeni pansalu, nayang'ana kumsewu, ndipo tsiku limenelo sanapemphe chigawo china.

Loweruka lotsatira m'mawa anagogoda pakhomo panga atavala bulauzi yoyera ija, duku lomangidwa bwino, m'manja muli jumbo. "Asambizi, foni yanu ija imajambula bwino. Mundijambule." Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. M'jumbo muja anatulutsa khadi la kusikelo lachikasu ndi ukalamba, chithunzi cha tsiku la ubatizo ku Bandawe mwana ali m'manja mwawo, ndi malipoti a sukulu omangidwa ndi ulusi. Anayankhula m'Chichewa, akuti kuti a ku Lilongwe amve bwino. Ananena dzina lawo, dzina la malemu amuna awo, tsiku limene anabadwa mwanayo, ndi kuti sanagonepo ndi njala m'nyumba yawo, chifukwa chinangwa sichinakanepo m'munda mwawo. Sanalire ndipo sanatukwane. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndine mayi wake. Ndili moyo."

Ndinaimitsa vidiyoyo ndi chimwemwe. Ndinati tiitumize pompano, pofika masana Malawi yense akhala atamva.

"Awa," anakana mwa Chitonga. "Sungani. Ndipemphere kaye, ndidzakuuzani."

Ndinasunga. Koma kusunga chinthu chotere si kusunga mbewu. Foni ija inkandiyabwa m'chikwama. Ndinkaionera vidiyoyo pa nthawi yopuma, m'chimbudzi cha aphunzitsi, ngakhale m'kalasi ana akulemba. Ndinkaphunzitsa mwaukali, ndinkachonga makope molumpha masamba, ndipo mwana wina ndinamukalipira chifukwa choimba nyimbo ya mtsikana uja pokolopa. Ndikaweruka ndinkalephera kukhala pansi. Ndinkatsikira kumsika osagula kanthu, n'kubwerera, n'kutsikiranso. Masiku awiri aliwonse ndinkafunsa, "Ama, mwapemphera?" Iwo ankati, "Chiuta sanayankhe." Ndinayamba kukwiyira Chiuta yemwe chifukwa chozengereza.

Filimu ija anasiya kuonera. Lamlungu loyamba anati ali ndi chinangwa choti akaviike. Lachiwiri anati mutu. Lachitatu ndinawatsekera njira ndi laputopu m'manja, n'kunena kuti kwatsala zigawo zitatu zokha, kodi sakufuna kudziwa mathero? Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Asambizi, mzimayi uja amatsegula pakamwa kawiri, inu mawu khumi. Mumayesa ine ndilibe maso? Malizani nokha, ndi filimu yanu."

Ndinachita manyazi, koma manyazi a munthu wokwiya sakhalitsa. Ndinamaliza ndekha. Mathero ake wamng'ono uja anapambana. Mkulu wake anachotsedwa pa kanema, nyumba inalandidwa, anthu anamulavulira. Ndipo wopambanayo anatsala yekhayekha m'kachipinda kopanda kanthu, wopanda bambo, wopanda mkulu wake, akudya chakudya cha m'katoni. Anthu a ku Japani aja anandichenjeza mosabisa, popanda mchere wa munthu aliyense. Ndinaona, ndinamva, ndipo ndinati zimenezo ndi za ku Japani.

Chimene chinandimaliza chinachitika tsiku limodzi. M'mawa ndinaona pafoni kuti mtsikana uja waitanidwa kukakhala mlendo wolemekezeka pa phwando lothandiza ana amasiye, chithunzi chake chili pakati, atagwira pamtima. Masana ndili pasiteji ya minibasi, ndinamva kondakitala wa minibasi ya ku Nkhata Bay akukuwa, "Malemu, kwerani kutsogolo!" Ama anali ndi dengu la usipa pamutu. Anaseka monga mwa masiku onse, nakwera. Minibasi isanakhote n'komwe ndinali nditapeza nambala ya amene amakonzera mtsikana uja zoimba, inali poyera pa tsamba lake. Ndinatumiza vidiyo ija, n'kulemba pansi pake kuti, "Mayi ako ali moyo ku Chintheche. Ukapanda kubwera kudzawagwadira, dziko lonse liona izi." Dzina langa sindinaikepo. Aliyense wowerenga akanayesa kuti atuma ndi ama.

Nditatumiza ndinamva kupepuka kwa mphindi zochepa chabe. Yankho silinabwere. Ama sindinawauze. Masiku anayi amene anatsatira ndinkadzidzimuka ndi galimoto iliyonse yochepetsa liwiro pamsewu, ndipo ndinkawapatsa moni mwaulemu wopitirira, mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka cha m'ma teni ndikuchonga makope pakhonde, galimoto yoyera inapatuka pa tala n'kukwera kanjira kathu, ikugwedezeka m'mchenga. Munatuluka bambo wa ndevu zometedwa mwaluso ndi buluku lothina, amene anati ndi manijala, kenako mayi wonyamula kamera, ndipo pomaliza mwini wake, atavala magalasi akuda. Anali wamfupi kuposa pafoni, ndipo kayendedwe kake kanali ka ama ndendende. Ama anatuluka m'nyumba akupukuta manja, naima pakhomo. Palibe amene anathamangira mnzake.

Anawapatsa mipando, monga achitira alendo. Woyankhula anali manijala yekha, ndi Chichewa chotsekemera cha ku Lilongwe. "Amayi, uthenga wanu tinaulandira. Palibe chifukwa chokokana. Nkhaniyi tiikonze bwinobwino, mwana wanu asagwe, inunso mumupeze." Ama anamvetsera osaphethira pamene ananena za uthenga, ndipo sanayang'ane kumene ndinali. Kukonza kwake kunali kotere: bambo atamwalira, ama anathedwa nzeru ndi umphawi, napereka mwanayo kwa anthu a ku Mzuzu, n'kuwauza kuti azimuuza kuti mayi ake anafa. Mwanayo sananame, anangonamizidwa. Tsopano wazindikira choonadi, ndipo wabwera kudzakhululukira mayi ake.

Ndinadumpha makope n'kumwazika. "Bodza! Akhululukire ndani? Agwade ndi iyeyu! Khadi la kusikelo lilipo, malipoti a sukulu alipo, mudzi wonse unamuona akukula pano!" Ndinanena zambiri, zina zosayenera mphunzitsi. Mtsikana uja analozetsa nkhope ku thandala la chinangwa.

"Asambizi," anatero ama, osakweza mawu, "khalani pansi. Izi ndi za pakhomo pano."

Ndinakhala. Sindinayambe ndachepetsedwapo chonchija, ndipo chondiwawa kwambiri chinali chakuti ankanena zoona. Ine ndinali wa lendi.

Kenako ama anatembenukira kwa mwana wawo, namufunsa m'Chichewa, kuti tonse timve, "Ndi zimene ukufuna, mwana wangu?" Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'ono. Ama anati, "Chabwino."

Manijala anayang'ana uku ndi uku, naona kuti pakhomopo m'posamalika kwambiri. Nyumba ya njerwa zowotcha, mipando ya nsalu zoluka, maluwa m'zitini, zonsezi sizinkagwirizana ndi nkhani yake. Anasankha kuseri, pafupi ndi khitchini yakale ya udzu imene ama ankasungiramo nkhuni. Kenako anayang'ana zovala zawo. "Amayi, mulibe kachitenje kena kakale, kong'ambika pang'ono?" Analibe. Anatuma mayi wa kamera kukafunsa kwa oyandikana nawo, amene panthawiyi anali atadzaza kale m'mbali mwa mpanda, koma m'mudzi wa Atonga palibe mzimayi amene angavomere pagulu kuti ali ndi chitenje chong'ambika. Pamapeto pake ama anatenga chisanza chimene ankapindira nkhata posenza dengu. Analowa nacho m'nyumba, mwana wawo nawatsatira kuti akawaveke. Anakhalitsamo pang'ono, manijala akuyang'ana wotchi.

Atatuluka sindinafune kuwayang'ana. Mayi amene ankasita nsalu ya kumunda anaima pafupi ndi nkhuni atavala chisanza, kumutu kopanda duku. Mtsikana uja anavula magalasi, nabwerera m'mbuyo mpaka pa mtengo wa mango, ndipo atapatsidwa chizindikiro anathamanga, nagwa pamapazi pa mayi ake akulira. Mayi wa kamera anati dzuwa lili kumbuyo, abwereze. Anadzuka, anasasa mchenga m'mawondo, nabwereza. Ulendo wachiwiri njinga yamoto inadutsa ikulira, choncho anagwadanso kachitatu. Kugwada kumene ndinkakufuna kuja ndinakuona katatu m'mawa umodzi. Walira mvula walira matope.

Kenako inafika nthawi ya ama. Anayang'ana kamera molunjika, monga anayang'anira foni yanga pansi pa mango, nanena momveka bwino, "Ndine ndinamutaya. Umphawi unandipusitsa. Mwana wangu alibe mlandu." Kumpanda kuja kunali amayi amene anapita nawo limodzi kusikelo, amene anamuona mtsikanayo akuvina chilimika pa chaka chatsopano atavala diresi losokedwa ndi mayi ake omwewo. Panalibe woseka. Mayi wina anagwira kumutu n'kuchoka.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane galimoto inali itapita. Anasiya thumba la shuga, mafuta ophikira ndi bulangete, zimene anazijambulanso popereka. Ama analowa m'nyumba, nasamba, navala zovala zawo, n'kupita kukatembenuza chinangwa pathandala.

Vidiyo yawo inatuluka sabata yotsatira, ili ndi nyimbo yachisoni pansi. Inayenda kuposa nyimbo zake zonse. Anthu a ku Lilongwe, ku Zomba, ngakhale a ku Joni, analemba ndemanga zotamanda mwana wa mtima wokhululuka, ndi zotukwana mayi wopanda chisoni wotaya magazi ake. Ndinaziwerenga zonse, imodziimodzi, ngati munthu wokanda chilonda. Ana awo aamuna anaimba foni akukalipa. Akuluakulu a mpingo anawaitanitsa, poti kuno aliyense ankadziwa kuti ananama, ndipo ananama pamaso pa dziko. Anawauza kuti ayambe asiya kuvala bulauzi yoyera kwa miyezi ingapo. Lamlungu ankakhala benchi lakumbuyo, atavala chitenje wamba chositidwa bwino, akuimba nyimbo zonse pamtima monga kale.

Ine tulo ndi chakudya zinandikana. Vidiyo yoona ija inali ikadali m'foni mwanga, ndipo kangapo chala changa chinafika pafupi. Chinandiletsa si nzeru, koma mawu aja akuti izi ndi za pakhomo pano. Ndinayamba kufunsa za nyumba ina kufupi ndi sukulu. Koma ndinaona kuti sindingasamuke ndisananene.

Ndinawapeza Lachitatu masana kudambo, kumene amayi a kumeneko amaviika chinangwa m'maenje a madzi mpaka chifewe. Fungo lake mlendo salipirira, ndipo ine ngakhale patapita chaka ndinali ndisanalizolowere. Anali okha, atapinda nsalu m'mawondo, akuvuula chinangwa n'kumachiponya m'beseni. Ndinaima pamtunda ngati mwana wasukulu woitanidwa ku ofesi.

"Ama, vidiyo ija ndinatumiza ndine."

"Ndikudziwa. Foni ili ndi miyendo?"

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonzeka kulira. Kusakalipa kwawoko kunandiputanso. Ndinayamba kukuwa pakati pa dambo. Ndinati munali ndi choonadi m'manja, munali ndi khadi, munali ndi mudzi wonse kumbuyo kwanu. Ndinati mwavala chisanza, mwataya bulauzi yanu, anthu osakudziwani akukutukwanani, zonsezi chifukwa cha munthu amene anagwada katatu ngati akuyeserera sewero. Ndinafunsa kuti mwapindulanji.

Anapitiriza kuvuula mpaka beseni linadzaza. Kenako anatuluka m'madzi, nakhala paudzu, natambasula miyendo.

"M'chipinda muja munalibe kamera," anatero. "Pondimanga chisanza chija anagwada kuti akonze m'munsi. Ndiye anandigwira bondo ili, lamanzere. Anati, ama, mwendo uja ukupwetekabe? M'Chitonga, asambizi. Ndinagwa panjinga iye ali sitandade faifi. Sanasokoneze, anagwira lomweli."

"Anapepesa?"

"Awa."

"Chichokereni waimbako foni?"

"Awa. Koma anandisiyira nambala. Anati iyi ndi yake yeniyeni, ya manijala ayi."

Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo ndi zala zonyowa, natulutsa kapepala kopindidwa kangapo, kokutidwa m'kapulasitiki ka shuga kuti kasanyowe. Sanakatambasule. Anangondionetsa, nayamba kukamangiriranso.

Ndinatulutsa foni yanga. Ndinati mayunitsi ndili nawo, tiimbe pompano, mumve mawu ake. Ndinkafunitsitsa nditakonzako kanthu kamodzi. Ama anakoka mfundo ija ndi mano kuti ilimbe, napukusa mutu.

"Musandifulumizitsenso, asambizi. Ikakhala kuti nayonso ndi yabodza, nditsala ndi chiyani?"

Ndinabweza foni m'chikwama. Anapinda nkhata, naiika pamutu, ndipo ndinawasenzetsa beseni lija, madzi a chinangwa akutsikira m'mikono mwanga mpaka m'zigongono.